“Ziyenera kutheka basi”: maganizo amene amasandutsa vuto kukhala matenda

Pa Lizulu, tsiku la msika, mtengo wa tomato ukhoza kugwa dzuwa lisanafike pamutu. Magalimoto a ku Lilongwe ndi ku Blantyre akachedwa, kapena alimi a tsidya la Mozambique akabwera ndi madengu ochuluka, amene anapikula m'mawa amagulitsa mongotaya. Tiyerekeze amayi awiri amene aluza ndalama zofanana tsiku lotere. Onse mpamba wawo ndi wa ku banki mkhonde, onse ana akuwadikira kunyumba. Woyamba akubwerera nkhope ili yakugwa, koma m'njira akulingalira kale zokapempha gulu kuti limuonjezere masabata awiri. Wachiwiri tulo sakutiona, m'mawa mwake kumsika sakupita, tsiku la msonkhano wa gulu akudzitsekera m'nyumba, ndipo pakutha mwezi mutu ndi msana zikumuwawa moti kuchipatala akumuyeza malungo koma osawapeza.

Ambiri tinganene kuti wina ndi wolimba mtima, winayo ndi wofooka. Yankho limeneli silithandiza aliyense, chifukwa munthu sungamuuze kuti “limba” iye n'kulimba. Albert Ellis, katswiri wa za maganizo wa ku America amene anabadwa mu 1913 ku Pittsburgh n'kumwalira mu 2007 ku New York, anali ndi yankho lina limene munthu angaligwiritse ntchito: amayi awiriwa akusiyana pa zimene aliyense akudziuza mumtima za tsoka lakelo.

Ellis anayamba ntchito yake potsatira njira ya Sigmund Freud, dokotala wa za maganizo wa ku Austria, yoti wovutika maganizo azikamba za ubwana wake ndi maloto ake kwa miyezi kapena zaka, dokotala akumvetsera. Iye anaona kuti anthu ake ankafika podziwa bwino kumene mavuto awo anachokera, koma kusintha kwake kunali kochepa ndi kochedwa. Mu 1955 anayamba njira yakeyake, imene anaisintha dzina kangapo mpaka mu 1993 pamene inakhazikika kuti Rational Emotive Behavior Therapy, mwachidule REBT, kutanthauza njira yothandiza munthu pokonza maganizo ake, mmene akumvera mumtima ndi zochita zake. Sanabise kuti maziko ake anawatenga kwa anthu akale, makamaka Epictetus, Mgiriki amene anabadwa kapolo zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, yemwe ankaphunzitsa kuti chimene chimasautsa anthu si zochitika zokha koma mmene akuzionera. Ndi bwino kukumbukira kuti mawu amenewa anachokera kwa munthu amene anaulawa ukapolo, osati kwa mwana wa mfumu.

A, B ndi C

Ellis anaiyala nkhaniyi ndi zilembo zitatu kuti aliyense aigwire. A ndi chochitika: tomato wagwa mtengo, zotsatira za MSCE zatuluka dzina lako palibe, mwamuna amene ali ku Joni wasiya kuyankha pa WhatsApp. C ndi zimene zikutsatira mwa iwe, mmene ukumvera ndi zimene ukuchita. Tonse timaona ngati A ndiye amabala C mwachindunji, n'chifukwa chake timati “wandipsetsa mtima” kapena “ana awa andikwezera BP”. Koma pakati pa ziwirizi pali B, zimene ukukhulupirira pa chochitikacho. B amadutsa mofulumira kwambiri, moti ambirife sitimuzindikira n'komwe kuti analipo.

Mayi woyamba uja akudziuza kuti: “Ndinkafunitsitsa kupindula lero. Sizinatheke, zandiwawa, ndipo kubweza ngongole kuvuta.” Wachiwiri akuti: “Sindinayenere kuluza. Anzanga a m'gulu akamva, zanga zathera pomwepo. Sindingathe kupirira maso awo. Ndine wolephera, chilichonse chimene ndagwira chimafa.” Ziganizo zinayi za mayi wachiwiriyu ndi mitundu inayi ya maganizo imene Ellis anati ndi yosathandiza, ndipo choyambacho ndiye kholo la zinazo.

Kholo limeneli ndi kusandutsa chokhumba kukhala lamulo. Kufuna kupindula, kufuna kukondedwa, kufuna kuti mvula igwe bwino, zonsezi n'zabwino, ndipo munthu wosafuna kanthu ndiye wodwala. Vuto limayamba pamene “ndikufuna” wasanduka “ziyenera kutero basi, zivute zitani”. Ellis ankati lamulo lotereli timaliloza mbali zitatu. Tikaliloza kwa ife eni, kuti ndiyenera kukhoza nthawi zonse ndipo anthu ayenera kundiyamikira, timakolola nkhawa, manyazi ndi kukhumudwa kosatha. Tikaliloza kwa anzathu, kuti apongozi, bwana kapena mkazi wanga ayenera kundichitira chilungamo nthawi zonse, timakolola mkwiyo ndi chidani. Tikaliloza ku moyo weniweniwo, kuti zinthu siziyenera kuvuta chonchi, timakolola kudzimvera chisoni, kuzengereza, ndipo kwa ena kachasu wa m'mawa.

Apa pafunika kusamala. Si “kuyenera” kulikonse kumene kuli koipa. Mlimi wa ku Tsangano akanena kuti “kuti kachewere wanga asapse ndi chiwawu ndiyenera kupopera mankhwala”, akunena zoona za ulimi, ndipo palibe chomutsutsa. Koma akanena kuti “popeza ndapopera, chiwawu sichiyenera kubwera”, ndiye kuti wayamba kulamula nyengo, imene simva lamulo la munthu. Chiwawu chikabwera, woyamba uja amadandaula n'kuyamba kuona chimene angapulumutse. Wachiwiri amangoti kakasi, ngati dziko lamulakwira mwadala.

Mtundu wachiwiri ndi kukulitsa choipa mpaka kuchiika pa mapeto a zoipa zonse. Kuluza mpamba n'koipa ndithu, mwina koipa kwambiri. Koma mtima ukanena kuti “basi zatha”, umatseka maso kuti asaone mawa. Akuluakulu athu anali ataziona kale izi pamene anati dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu. Wachitatu ndi “sindingapirire”, mawu amene amanenedwa ndi anthu omwewo amene amadzuka m'bandakucha wa mu June pa Dedza, chisanu chikuluma m'mafupa, n'kupita kudimba. Umboni woti amapirira ndi moyo wawo womwe. Komabe pasakhale womva molakwa: kupirira kumene Ellis ankanena si kuja amauzidwa mkazi womenyedwa kuti “banja ndi kupirira”. Iye ankatanthauza kukwanitsa kunyamula kuwawa kumene kuli pa njira ya chinthu chaphindu, ndipo nthawi zina chinthu chaphinducho ndi kuchoka pa banja lankhanza, n'kupirira zonena za anthu zimene zimatsatira.

Wachinayi ndi umene ine ndimauona kuti ndiwo umapha anthu ambiri: kuweruza munthu wathunthu chifukwa cha chochita chimodzi. “Ndalephera” n'kusanduka “ndine wolephera”. “Wandinamiza” n'kusanduka “ndi satana”. Wogulitsa kachewere akapeza zingapo zowola m'thumba, amazichotsa n'kunena kuti izi zawola, sanena kuti thumba lonse ndi zinyalala. Munthu ali ndi zochita zikwizikwi, zabwino, zoipa ndi zapakatikati, ndipo akadali moyo zikuonjezerekabe, moti palibe mlingo umodzi umene ungamuyeze yense. Pa chifukwa chimenechi Ellis sankagwirizana ngakhale ndi chiphunzitso chofala chija choti munthu azidzikweza podziuza kuti ndi wapamwamba. Ankati ukadziyesa wamtengo chifukwa wakhoza lero, mawa ukalephera mtengo womwewo ugwa. Chimene ankalimbikitsa ndi kudzilandira popanda kuika malire: weruza zochita zako mosanyengerera, koma umunthu wako usauike pa sikelo. Chimodzimodzi kwa anzako.

Chisoni si matenda

Anthu ambiri akamva za “kuganiza moyenera” amayesa kuti ndi nkhani ija ya kumwetulira nthawi zonse ndi kudziuza kuti zonse zili bwino. Ayi. REBT imasiyanitsa kuwawa kwa mumtima kothandiza ndi kuwawa kowononga. Mwana akadwala, kuda nkhawa kumene kumakunyamula kupita naye kuchipatala n'koyenera. Mantha amene amakuumitsa manja ndi miyendo ndiwo owononga. Ukalakwira mnzako, kumva chisoni n'kukapepesa n'koyenera. Kudzizunza zaka ndi zaka sikumubwezera kanthu wolakwiridwayo. Pamaliro timalira, ndipo munthu wouza namfedwa kuti “ndi maganizo anu chabe” ndi wopanda nzeru komanso wopanda ulemu. Chimene njira imeneyi ingakhudze ndi china, chimene chimabwera anthu atabalalika pasiwa: “Ndikanapita naye msanga sakanamwalira, choncho ndine wakupha, sindiyenera kusekanso moyo wanga wonse.” Chisoni chisiyeni chiyende ulendo wake. Chigamulo chimenecho ndicho chofunika kuchifunsa mafunso.

Pali kanthu kenanso kamene Ellis anakaona, komwe ambiri timakadziwa koma sitinakatchulepo: kuvutika chifukwa choti ukuvutika. Munthu wayamba ndi nkhawa ya ngongole, kenako akuda nkhawa kuti nkhawayo imupengetsa, kenako akudzinyoza kuti mwamuna wanji wosagona chifukwa cha maganizo. Mavuto asanduka atatu pamene linali limodzi. Kawirikawiri wothandiza amayamba ndi lapamwambalo, chifukwa munthu amene akuchita manyazi ndi nkhawa yake sangakhale pansi n'kuiyang'ana.

Kufunsa mafunso

Pambuyo pa A, B ndi C pamabwera D, kutsutsa chikhulupiriro chija, ndi E, kaganizidwe katsopano kamene kamalowa m'malo mwake. Mafunso a D ndi atatu okha, ngakhale amavala zovala zosiyanasiyana. Umboni wake uli kuti? Kodi chachiwirichi chikutsatiradi pa choyambacho? Kukhulupirira zimenezi kukundifikitsa kuti?

Tiyerekeze mnyamata wa ku Bembeke amene sanakhoze MSCE, wakhala masabata osatuluka, ndipo amalume ake abwera kudzamuona.

“Amalume, ine basi. Sukulu yandikana, ndine mbuzi.”

“Kulephera walephera, mphwanga, sindikunamiza. Ndipo ndalama za fizi zinapita. Koma tandiuza, amene anakonza wailesi ya agogo ako ndani?”

“Ndine, koma zimenezo n'zina.”

“N'zina zoona. Nanga pepala la MANEB layeza masamu ndi Chingerezi, kapena layeza iwe yense?”

“Koma ndinayenera kukhoza, amalume. Amayi anagulitsa mbuzi ziwiri.”

“Unkafuna kukhoza, nafenso tinkafuna kwambiri. Koma kunalembedwa kuti kuti mwana amene mayi ake agulitsa mbuzi sangalephere? Ndipo kukhala m'nyumba muno ukudzitcha mbuzi, kukuyandikiza ku mayeso a chaka chamawa kapena kukukutalikitsa?”

Onani kuti amalumewo sananene kuti “usadandaule, si nkhani”. Ndi nkhani. Sananenenso kuti “chaka chamawa ukhoza ndithu”, chifukwa sakudziwa. Chimene akufuna n'chakuti mnyamatayo afike ponena yekha kuti: “Ndinkafunitsitsa kukhoza, sindinakhoze, zikundiwawa, koma sizikundichotsa pa anthu, ndipo ndikhoza kuyesanso kapena kufuna njira ina.” Amene wafika apa amakhalabe wachisoni, koma amatuluka panja.

Kucheza kamodzi sikukwanira. Chikhulupiriro chimene wakhala nacho kuyambira uli ku pulayimale sichichoka chifukwa wachitsutsa Lachiwiri madzulo. Ellis ankapatsa anthu ake ntchito yokachita kunyumba, yolemba komanso yochita ndi thupi, ndipo ankati maganizo amasinthadi pamene munthu wachita chinthu chimene amachiopa. Iye mwini ali ndi zaka 19 ankaopa kwambiri kulankhula ndi akazi. Anadzipatsa mwezi umodzi woti azipita ku munda wa maluwa wa ku Bronx ku New York n'kumayambitsa macheza ndi mkazi aliyense amene wakhala yekha pa benchi. Analankhula ndi akazi pafupifupi 100. Mmodzi yekha ndiye anavomera kudzakumana naye, ndipo tsikulo sanabwere. Koma mantha aja anatha, chifukwa anaona ndi maso ake kuti kukanidwa sikupha. Pambuyo pake ankatuma anthu amanyazi kukachita dala zinthu zochititsa manyazi koma zosavulaza munthu, monga kufuula maina a masiteshoni m'sitima. Kuno sindingalangize munthu kukayesera zotere kwa apongozi ake. Koma mayi wa tomato uja ntchito yake ya kunyumba ndi yodziwikiratu: apite ku msonkhano wa gulu, aimirire, anene kuti “amayi anzanga, ndaluza, ndikupempha nthawi”. Mwina ena anyogodola. Adzaona kuti wabwerako wamoyo.

Nyimbo, mafilimu, mpira ndi foni

B sitibadwa naye yense. Ellis ankakhulupirira kuti anthu tonse mwachibadwa timapendekera ku kukakamiza zinthu, koma mawu ake enieni timawatola pa zimene timamva tsiku ndi tsiku. Kwerani minibasi kuchoka pa Ntcheu kupita pa Kampepuza mumvetsere nyimbo zachikondi zimene zikulira. Zambiri uthenga wake ndi umodzi: popanda iwe sindingakhale, ukandisiya ndifa, ndiwe moyo wanga. Pa mndandanda wa maganizo osathandiza umene Ellis anasindikiza mu 1962, loyamba linali lomweli, loti munthu wamkulu ayenera kukondedwa ndi kuvomerezedwa ndi pafupifupi aliyense wofunika kwa iye. Sindikuimba mlandu oimba. Nyimbo yoti “ndingakonde utakhala nane, koma ukapita ndidzadandaula kenako ndidzazolowera” palibe angaivine pa ukwati. Luso limafuna kukokomeza. Vuto limabwera pamene mtsikana wa zaka 17 amene chibwenzi chamuthera watenga mawu a nyimboyo ngati lipoti la dokotala. Ellis naye ankadziwa mphamvu ya nyimbo, moti ankapeka mawu oseketsa pa maimbidwe odziwika kale n'kumaimbitsa anthu ake, kuti aziseka malamulo awo omwe.

Mafilimu a ku Nigeria ndi aja omasuliridwa m'Chichewa amene timaonera m'mavidiyo amaphunzitsa mtundu wachinayi uja. Mpongozi woipa amakhala woipa kuyambira kumutu mpaka kuphazi, alibe tsiku limene anachitapo chabwino, ndipo filimu imatha iye atapenga kapena atagwada. Timatuluka mtima uli mbee. Koma apongozi enieni ndi amene anakunenani kwa anthu mwezi watha, n'kudzakugonerani kuchipatala mwezi uno. Ukawaika m'gulu la a mufilimu, chilichonse chimene achita umachiwerenga ngati chiwembu. Pa Facebook ndiye zafika poipa. Munthu akatumiza vuto lake la m'banja n'kupempha kuti amubise dzina, oyankha ambiri amagamula mlandu asanamve mbali inayo: musiye, ndi galu, amuna onse ndi choncho, akazi onse ndi choncho. Ndipo zithunzi za anzathu atatsamira galimoto ku Johannesburg zimabala lamulo lina mwakachetechete, loti pa msinkhu uno ndinayenera kukhala nditamanga ya malata. Palibe amajambulitsa m'chipinda chimene amagonamo anthu asanu ndi mmodzi.

Mpira ndiwo malo abwino ophunzirira, chifukwa kuwawa kwake n'kwenikweni koma sikugwetsa nyumba. Dedza Dynamos ikagonja pakhomo, kapena Bullets ndi Wanderers zikakumana woimbira n'kupereka penate yokayikitsa, dzimvetsereni. “Woimbira ameneyu sayenera kulakwitsa.” Chifukwa chiyani, poti ndi munthu? Zikanakhala bwino akanaona bwino, ndipo kudandaula kwa akuluakulu a mpira n'koyenera. Koma kuchoka pa “walakwitsa” kufika pa “aphedwe” pali mtunda, ndipo mtunda umenewo ndi B. Amene waphunzira kuuona pa mpira savutika kuuona kunyumba. Kubetcha pa foni ndiye kuli ndi lamulo lake loopsa: “ndiyenera kubweza zimene ndaluza lero lomwe, sindingagone nditaluza.” Chiganizo chimenechi ndicho chimatenga ndalama ya feteleza kukaiika pa timu ya ku Ulaya imene munthu sanaionepo ikusewera.

Za chipembedzo nazo tisazilambalale. Ellis sankakhulupirira Mulungu, ndipo poyamba ankanena mawu olimba otsutsa chipembedzo. Atakula anafewa, n'kuvomereza kuti chimene chimavulaza si chikhulupiriro chokha koma kuumirira kosapindika, mpaka analemba limodzi ndi akatswiri opemphera za mmene njirayi ingathandizire anthu achipembedzo. Kusiyana kumeneku kumaoneka m'maulaliki athu. Pali ulaliki wonena kuti chaka chino ndi chako, ukapereka chakuti uyenera kulandira chakuti, ndipo chikapanda kubwera wolakwa ndiwe wachikhulupiriro chochepa. Munthu amabwerako ndi katundu wawiri, umphawi ndi kudziimba mlandu. Koma m'buku la Danieli mutu 3, anyamata atatu aja ataopsezedwa ndi ng'anjo ya moto anayankha mfumu kuti Mulungu wawo akhoza kuwapulumutsa, n'kuonjezera kuti ngakhale atapanda kutero, fanolo saligwadira. Kufuna ndi mtima wonse popanda kulamula zotsatira ndi kumeneko, ndipo kunalembedwa kalekale Ellis asanabadwe.

Lamulo lolemera kuposa onse mwina ndi limene timapatsa anyamata: mwamuna salira, mwamuna sasowa, mwamuna ayenera kupezera banja lake chilichonse. Malipoti a apolisi a anthu odzipha m'dziko muno amaonetsa mobwerezabwereza kuti ambiri ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Bambo amene wakongola kwa katapila kuti ukwati wa mwana wake ukhale wa pa holo, perekaniperekani n'kusabweza ndalamazo, ali ndi vuto lenileni la ndalama. Koma chimene chimamutengera ku chingwe si chiwerengero cha ngongoleyo chokha. Ndi chigamulo choti mwamuna wolephera kubweza si mwamunanso, kuphatikiza lamulo loti sayenera kuuza munthu.

Pamene nzeru imeneyi imaperewera

Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mu March 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Palibe kaganizidwe kamene kangatsitse mtengo wa thumba la feteleza kapena kudzaza nkhokwe. Munthu wogona ndi njala ukamuuza za A, B ndi C usanamufunse ngati wadya, wamunyoza. Ellis mwini sananene kuti A alibe ntchito. Ankati tsoka likakula, kuwawa kwake kumakulanso, ndipo chimene chingasinthidwe chisinthidwe. Mfundo yake inali yoti munthu amene sakudzitukwana ndiye amakhala ndi mphamvu zokafuna ganyu, zokakambirana ndi mwini ngongole, kapena zokafunsa kwa amfumu chifukwa chake dzina lake lasowa pa mndandanda wa olandira thandizo. Koma njirayi ikagwera m'manja mwa bwana wosalipira antchito kapena mwamuna wankhanza, imasanduka ndodo: “sindine ndakukwiyitsa, ndi maganizo ako.” Kumeneko n'kuipotoza. Kuti ine ndili ndi gawo pa mkwiyo wanga sizichotsa mlandu wa amene wandilakwira.

China n'chakuti Ellis ankakhala ku New York, mzinda umene munthu angakhale zaka osadziwa dzina la woyandikana naye nyumba. Kumeneko n'kosavuta kunena kuti zonena za anthu zilibe kanthu. Kwa mkamwini wa ku Kaphuka, amene munda akulima ndi wa kuchikazi, zonena za anthu ndi munda, ndi ngongole ya mawa, ndi adzukulu okumba manda tsiku la tsoka. Funso loti “anthu adzati chiyani” kwathu kuno si lopusa. Ndiye potsutsa B tiyenera kulasa pamalo pake. Sitikutsutsa zoti mbiri yabwino ndi yofunika, kapena zoti kuitaya kuli ndi mtengo wake. Tikutsutsa zoti anthu onse ayenera kundinena zabwino nthawi zonse, ndi zoti akandinena ndiye kuti zimene anenazo ndi zimene ndili. Ndipo pa mbali ina ife tili ndi mwayi umene anthu a Ellis ankachita kulipira: ankhoswe, amalume, anamkungwi, amayi a mvano ndi a chigwirizano, anthu amene udindo wawo ndi kale lomwe kukhala pansi ndi wovutika. Chimene chimasowa nthawi zambiri ndi kafunsidwe. Uphungu wathu umakonda kuonjezera malamulo, “uyenera kupirira”, “uyenera kuiwala”, m'malo mofunsa munthu kuti lamulo limene likumupsinjalo analitenga kuti.

Kodi zimagwiradi ntchito? REBT ndi imodzi mwa mizu ya gulu la njira zimene masiku ano zimatchedwa CBT (Cognitive Behavioural Therapy), zothandiza munthu posintha kaganizidwe ndi zochita zake. Muzu wina ndi wa Aaron Beck, dokotala wa ku Philadelphia amene m'zaka za m'ma 1960 anapanga njira yofanana nayo pothandiza odwala matenda a kukhumudwa, ndipo njira ya Beck ndiyo yafufuzidwa kwambiri kuposa ya Ellis. Zofufuza zambiri zaonetsa kuti njira za gulu limeneli zimathandiza pa nkhawa ndi kukhumudwa, ngakhale si kwa aliyense. Chosangalatsa kwa dziko la madokotala a maganizo ochepa ngati lathu n'chakuti sizifuna dokotala nthawi zonse. Ku Pakistan, m'dera la Rawalpindi, alangizi a zaumoyo a m'midzi anaphunzitsidwa kuthandiza amayi oyembekezera ndi ongobereka kumene amene anali ndi matenda a kukhumudwa, zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2008, ndipo mu 2015 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa buku la ndondomekoyo, yotchedwa Thinking Healthy, kuti maiko ena aigwiritse ntchito. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi kunja kwa chipatala n'kumathandiza anthu kusanthula mavuto awo limodzilimodzi.

Pali malire amene amalume kapena mnzako sayenera kuwadumpha. Munthu akakhala masabata awiri kapena kuposa ali wokhumudwa tsiku lililonse, osadya, osagona, osafuna chilichonse chimene ankachikonda; akayamba kumva mawu amene ena sakuwamva kapena kukhulupirira zinthu zosadziwika mutu wake; akamagawa katundu wake ndi kulankhula ngati akutsanzika, kapena kunena poyera kuti kuli bwino kufa, imeneyo si nthawi yotsutsana naye za B. Mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, chifukwa kufunsa sikumupatsa ganizolo. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi zingwe pafupi, ndipo pitani naye kuchipatala cha boma pa Dedza kapena pa Ntcheu mukafunse ogwira ntchito za matenda a maganizo. Iwo akaona kuti pafunika thandizo loposa, amatumiza ku Zomba Mental Hospital, ndipo a St John of God nawo ali ndi chipatala ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Ena amafunika mankhwala kaye kuti mutu ukhazikike, mafunso aja n'kubwera pambuyo.